Error ya netiweki mu QEMU ikuthawira ku stderr, ndikonze bwanji?

wakuNdirande:
Akuluakulu ndithandizeni. Ku ofesi kwathu ku Ginnery Corner tili ndi ka seva ka ma VM (makompyuta ongoyerekeza oyenda mkati mwa kompyuta ina) pa QEMU, pulogalamu yoyendetsa ma VM-wo, ndiye mu foda ya net/ ya code ya QEMU muli backend (code yolumikiza VM ku netiweki) ina yomwe anawonjezera mnzathu wina asanasiye ntchito. Dzulo ndatha masana onse ndikuponya netdev_add (lamulo lowonjezera backend ya netiweki) pa QMP (njira yotumizira malamulo ku QEMU), iyo kumangoyankha kuti "could not be initialized" basi, chifukwa chake osanena. Madzulo ndipomwe ndaona kuti uthenga weniweni unali pa terminal yomwe ndinayatsira QEMU, permission ya /dev/net/tun (device ya Linux ya netiweki yongoyerekeza). Mu code muli fprintf(stderr) paliponse, yomwe imangosindikiza ma error ku stderr, ndiye kuti pa terminal. Ndingosintha zonse zikhale error_report?

Achimwene_Chirimba:
Ayi achimwene, error_report sikuthandizani pamenepo, ukakhala pa QMP nayonso imakatayira ku stderr komweko. Function yanuyo izilandira Error **errp (mosungira uthenga wa error), pamene palephera muike error_setg_errno(errp, errno, ...) kenako return -1, ndiye uthengawo uzibwerera kwa amene waitana, QMP iupereke yokha. Mawu aja a "could not be initialized" QEMU imangowaika ikaona kuti backend yalephera koma errp ili yopanda kanthu.

Chenjerani, errp musaidzaze kawiri, pali assert (cheke choimitsa pulogalamu), VM imagwa pompo. Ine zinandichitikira Lachisanu anthu ali mkati mwa ntchito, mafoni kulira ofesi yonse.

mlongo_wa_Limbe:
Komanso musasandutse zonse kukhala error. Dzifunseni, pamenepa VM ipitiriza kapena yaima? Ngati ikupitiriza ndi warn_report, imaika yokha "warning:" kutsogolo, musalembenso pamanja. Inalowa mu 2.10 mu 2017 ndiye ngati yanu siyakale kuposa pamenepo ilimo. Chimene chimandinyasa ine ndi warning yoikidwa mu njira ya ma packet, packet iliyonse mzere umodzi, log kudzadza disk usiku umodzi wokha, pamenepo warn_report_once. Uthenga usathere ndi \n kapena dontho, malangizo kwa munthu apite mu error_append_hint.

wakuNdirande:
Zikomo achemwali, ndawerenga ma fprintf alipo 14, atatu okha ndi ma warning enieni. Ndiyambira pa tun paja, ndidutsitsa scripts/checkpatch.pl (yocheka kalembedwe ka code) ndisanapange commit. Koma function imodzi ikuitanidwa malo awiri, kwina kulibe errp, mmeneno ndipanga bwanji?

Achimwene_Chirimba:
Kumeneko pangani Error *err = NULL, mupereke &err, ikalephera error_report_err(err), imasindikiza nkumasulanso memory yokha.