Zimbale zatsopano za pop, rock ndi blues: ndi chiti choti n'kumvera chonse osadumpha?

Tiya_LL:
Anzanga okonda nyimbo zakunja tandithandizeni. Lachisanu lililonse kumatuluka zimbale zambirimbiri, paja kuyambira 2015 makampani a nyimbo anagwirizana kuti zatsopano zizituluka Lachisanu dziko lonse, ndiye ukatsegula Spotify m'mawa umangopeza mulu osadziwa poyambira. Chomwe chikundivuta ine n'chakuti zimbale za pop zatalika udyo. Taylor Swift mu Epulo 2024 anatulutsa The Tortured Poets Department ya nyimbo 16, patangotha maola awiri n'kuponyanso zina 15, zonse pamodzi 31, maola awiri athunthu uli chikhalire. Beyoncé naye Cowboy Carter ili ndi 27. Bandulo yanga siingapirire zoyesayesa, ndimafuna ndidawunilode chimbale chimodzi kapena ziwiri ndikapeza wifi ndikhale nazo mwezi wonse. Ndiye pa zomwe zatuluka kuyambira 2023 kufika 2025, kaya pop kaya rock kaya blues, ndi chiti chomwe inuyo munamvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza chala osachiyandikitsa pa skip? Blues sindiidziwa kwenikweni koma ndikufuna ndiyambe.

MadalaBlues:
Mwanawe mwati mukufuna kuyamba blues, ndiye yambirani kwa mwini wake akadali moyo. A Buddy Guy anatulutsa Ain't Done with the Blues pa 30 Julayi 2025, tsiku lomwe amakwanitsa zaka 89. Mkuluyu anabadwira ku Louisiana mu 1936, n'kupita ku Chicago mu 1957 komwe ankaimba gitala kumbuyo kwa akuluakulu a blues a Muddy Waters ndi a Howlin' Wolf ku kampani yojambula nyimbo ya Chess Records, ndiye mukamawamva mukumva munthu yemwe anali m'chipinda momwemo zinthuzi zikuphikidwa, ndipo a m'badwo umenewo atsala ochepa zedi.

Pomvera blues musamadikire kolasi ngati mu pop, mudzatopa. Tcherani khutu pa zomwe zimachitika pakati pa mawu ndi gitala. Woimba amanena mzere umodzi, gitala n'kuyankha, amaubwereza mzere uja, gitala n'kuyankhanso koma mosintha pang'ono, kenako mzere wachitatu ndi womwe umamasula nkhani. Zimakhala ngati nyimbo za pamtondo, wina kutsogolera wina kuvomera, kungoti apa wovomerayo ndi nsambo za gitala. Tsono a Buddy Guy ali ndi kachitidwe kawo, amatsitsa mawu mpaka kunong'ona, gulu lonse n'kutsika nawo moti umayamba kufuna kukweza voliyumu, kenako mwadzidzidzi amakoka nsambo imodzi m'mwamba n'kuigwira pompo ikulira mpaka tsitsi kuima. Pa zaka zimenezo mawu ayamba kusasa inde koma dzanja likadalipo. Aitananso anthu ngati Joe Walsh, Peter Frampton, Joe Bonamassa ndi kamnyamata kaja Christone Kingfish Ingram.

Kingfish yo musamuphonye, ndi wa 1999, kwawo ku Clarksdale ku Mississippi, chimbale chake cha 662 cha 2021 chinatenga mphoto ya Grammy. Amene amati blues ndi ya nkhalamba zokha amvere ameneyo.

Yamie_Zomba:
Ine ndikupatsani ziwiri za rock. Choyamba Hackney Diamonds ya Rolling Stones, Okutobala 2023, nyimbo 12 basi. Anali asanatulutse chimbale cha nyimbo zawozawo zatsopano chichokereni 2005, pakatipo anangopanga cha blues cha nyimbo za eni ake mu 2016. Charlie Watts wa ng'oma anamwalira mu 2021 koma akumveka mu nyimbo ziwiri zomwe anajambula asanatisiye, zambiri mwa zinazo ng'oma akuimba Steve Jordan. Paul McCartney akuimba bezi mu nyimbo imodzi, Elton John alimo, Lady Gaga ndi Stevie Wonder ali limodzi mu ina yaitali ya chakumapeto ya kachigospo gospo ija. Woimba wawo Mick Jagger anali ndi zaka 80 chikutuluka koma simungakhulupirire.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi Songs of a Lost World ya The Cure, 1 Novembala 2024, atakhala chete kuyambira 2008. Nyimbo 8 zokha. Ndikuchenjezeni, nyimbo yoyamba mumatha mphindi zitatu zathunthu kukungolira zida munthu asanatsegule pakamwa, yomaliza ndi ya mphindi zoposa 10 ndipo mawu amabwera mutadutsa theka. Woimba wawo Robert Smith analemba zambiri mwa nyimbozi mayi ake, bambo ake ndi mchimwene wake atamwalira, ndiye si choika pa phwando, ndi cha usiku uli wekha ndi mahedifoni. Ng'oma zake n'zolemera zoyenda pang'onopang'ono, bezi ili kutsogolo kwenikweni ikuchita kugunda pachifuwa. Ukadumpha nyimbo imodzi umamva kuti china chake chasowa chifukwa iliyonse ikukonzera malo inzake. Chinafika nambala wani ku UK, koyamba kwa iwowa chichokereni 1992.

NaBanda_265:
Iii abale musainyoze pop choncho ngati yonse ndi ya nyimbo 31. Sisi Tiya dawunilodani Hit Me Hard and Soft ya Billie Eilish, Meyi 2024, nyimbo 10 zosafika ndi mphindi 45 zomwe. Mtsikanayu anakana dala kutulutsa singo ngakhale imodzi chimbale chisanatuluke, amafuna anthu amve chonse nthawi imodzi, zomwe mukufunazo ndendende. Anapanga ndi mchimwene wake Finneas, ndipo muli nyimbo zoti zimayamba mofatsa ndi kagitala kenako pakatikati zimatembenuka kukhala nyimbo ina yovinika osadziwa kuti zasintha nthawi yanji. Ngati mukufuna chopepuka chomvera mukuchapa, Short n' Sweet ya Sabrina Carpenter ya Ogasiti 2024 ndi nyimbo 12 mphindi 36 yatha.

Zakutalikazo zili ndi chifukwa chake. Ku America a Billboard, omwe amasanja zimbale zogulidwa kwambiri, powerenga malonda a chimbale amaphatikiza ndi ma stream, mu 2024 ma stream 1,250 a anthu olipira amawerengedwa ngati chimbale chimodzi chagulidwa, a anthu omvera ulere 3,750. Ndiye ukaika nyimbo 30 m'malo mwa 12 mafani ako akamazungulira chimbalecho manambala amakwera msanga. Komanso pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa ikadutsa masekondi 30, n'chifukwa chake mu pop woimba amalowa pompopompo, za mphindi zitatu za a Yamie zija sangayerekeze. Koma ngakhale Taylor yemweyo chotsatira chake cha Okutobala 2025, The Life of a Showgirl, anabwerera pa nyimbo 12.

Cowboy Carter yokha ndiikira kumbuyo. Mwa 27 zija zingapo ndi tizidutswa tatifupi, a Willie Nelson akuyankhula ngati muulutsi wa pa wailesi, a Dolly Parton, a Linda Martell mayi wachikuda yemwe ankaimba country kalekale anthu n'kumuiwala. Anachikonza kuti chizimveka ngati mwatsegula siteshoni, ndiye ukachotsa tizidutswato umaphwasula nkhani yake. Sichinatenge Grammy ya Album of the Year mu Febuluwale 2025 mwangozi.

Kondwa_Jozi:
Yamie aise Hackney Diamonds ine ayi. Sindikukana kuti madala aja akadali ndi mphamvu koma Andrew Watt yemwe anajambula anachisalaza kwambiri, chilichonse chili phokoso mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, pomwe Stones yomwe timaikonda ndi ija yomveka ngati gitala ya Keith Richards ichedwa pang'ono kenako n'kupeza anzake. Komanso alendo achuluka, ukaitana McCartney, Elton, Gaga, Stevie Wonder chimbale chimodzi anthu amamvera kufuna kuzindikira kuti uyu ndi ndani m'malo momvera nyimbo. Grammy ya Best Rock Album anatenga inde koma ine ndimaona ngati amalemekeza zaka.

Kwa munthu wa bandulo yochepa From Zero ya Linkin Park, Novembala 2024, nyimbo 11 mphindi 32 zokha. Ndikudziwa ena sanamulandire woimba wawo watsopano Emily Armstrong chifukwa malo a woimba wawo wakale Chester Bennington yemwe anamwalira mu 2017 ndi ovuta kukhalapo munthu wina, inenso ndinalowa ndi mtima wokayika, koma mkaziyu sakuyesera kukhala Chester, akukuwa mwa iye yekha ndipo pomwe akusinthana ndi rap ya Mike Shinoda zikugwirana bwinobwino.

MadalaBlues:
A Kondwa za kusalaza mukunena zoona, makutu anga nawonso amatopa chikafika pakati. Koma mufike kaye pa nyimbo yomaliza musanachitaye. Pamenepo alendo onse achoka, ng'oma palibe, atsala awiri okha Mick ndi Keith, wina gitala wina mawu ndi hamonika, akuimba nyimbo ya a Muddy Waters ya 1950 yomwe gululi linatengako dzina lake. Pamenepo palibe chosalazidwa, mukumva chala chikukhudza nsambo, mpweya ukulowa mu hamonika. Anthu awiriwa, omwe ankadziwana ali ana, anakumananso pa siteshoni ya sitima ku Dartford mu 1961 Mick atanyamula marekodi a Chuck Berry ndi Muddy Waters m'khwapa, ndiye patatha zaka zoposa 60 akuimbabe za munthu yemweyo. Mwana wathu Tiya amene akufuna kulowa mu blues, nyimbo imeneyo ndi khomo labwino kuposa zambiri zomwe ndingamutchulire.

Tiya_LL:
Zikomo nonse mwandipatsa zochuluka kuposa malo a mu foni. Ndiyamba ndi Billie Eilish ndi The Cure, za mphindi zitatu zopanda mawu zija zandichititsa chidwi. A Madala, cha a Buddy Guy ndiyambire cha 2025 chomwecho kapena pali chakale choti ndimve kaye kuti ndidziwe komwe akuchokera?

MadalaBlues:
Yambirani Damn Right, I've Got the Blues cha 1991, ndi chomwe chinawabwezera pagulu atakhala zaka zambiri makampani akuwanyalanyaza, chinawapatsanso Grammy yawo yoyamba, Eric Clapton, Jeff Beck ndi Mark Knopfler alimo. Mukachizolowera ndiye mupite ku cha 2025 mumve mmene mawu asinthira. Ndipo mugwiritse mahedifoni abwinoko, pa sipika ya foni bezi yonse imasowa.