Mlongo wanga wagwidwa pa mpikisano wa galimoto usiku, ndithandizeni nzeru

Abale anga, tulo tandithawa. Mlongo wanga wamng'ono anasolola makiyi m'chikwama changa Loweruka ndili mtulo. Apolisi anamugwira akuthamangitsana ndi anzake pamsewu, ena akuzungulitsa galimoto mpaka matayala kufuka utsi. Galimoto anaikoka, laisensi yake analanda. Mwana ameneyu sukulu ndamulipirira ndine, mafuta sathira, mwezi watha anaswa galasi lam'mbali n'kumati anaipeza choncho. Amuna anga sakundiyankhula, akuti ndimamusunga ngati dzira, apongozi nawonso ayamba zawo. Ntchito ndimalowa 6 koloko m'mawa. Kodi amumanga? Nanga galimoto andibwezera liti, poti woyendetsa sanali ine?

Dalaivala Wakale: AMUMANGE BASI! Zaka 30 ndili pa chiwongolero, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Msewu ndi wa anthu onse, muli amayi obereka ana kumbuyo, muli okalamba. Mwamuononga ndinu mayi!

Make Mapasa: Muli dziko liti achemwali? Kuno ku Ontario, ku Canada, malamulo anawakhwimitsa mu 2021. Ukapyola liwiro lololedwa ndi 40 km/h pamsewu wa liwiro losafika 80, kapena ndi 50 pamisewu inayo, ndi mlandu wa stunt driving, kutanthauza kuchita masewera oopsa ndi galimoto pamsewu, ngakhale uli wekha. Pomwepo laisensi amaimitsa masiku 30, galimoto amaisunga masiku 14, kaya mwini wake ndi wina. Akapezeka wolakwa kukhoti, chindapusa ndi madola 2,000 mpaka 10,000, ndende imatha kufika miyezi 6, ndipo laisensi imapita chaka chimodzi mpaka zitatu.

Dalaivala Wakale: Masiku 14 achepa! Aziiphwanya galimotoyo mnyamatayo akuona.

Make Mapasa: Bambo, galimotoyo ndi ya mayiwa, alakwa chiyani?

Makaniko: Zakukhoti sindilowamo. Ikabwerako musakwere musanaone matayala. Ina inabwera kwa ine mawaya ali pamtunda, klachi ikununkha kupsa, mwini wake akulumbira kuti sinathamangepo.

Mnyamata wa Njinga: Mugulireni njinga yakapalasa, azipikisana ndi anzake pokwera chitunda.

Agogo Aakazi: Musaseke ana inu. Mdzukulu wanga anamuomba pa maloboti anyamata awiri akupikisana. Mpaka lero akuyendera ndodo, ndimamusambitsa ndine. Mlongo wanuyo athokoze Mulungu kuti sanaphe munthu.

Wokonda Liwiro: Pepani agogo. Komatu masewerawa alipo ovomerezeka, kumabwalo otchingidwa, ndi chisoti ndi ambulansi pambali. Anyamata akusowa malo basi.

Dalaivala Wakale: Kusowa malo ndiye uzikawotcha matayala pakhomo pa anthu? Iwe ndiwe mmodzi wa iwo, ndakudziwa!

Achimwene a ku California: Kwathu kuno ku America, m'dera la California, lamulo loletsa mipikisano ya galimoto pamsewu ndi Vehicle Code 23109. Koyamba ndi maola 24 mpaka masiku 90 m'ndende, kapena madola 355 mpaka 1,000, kapena zonse ziwiri, kuphatikiza maola 40 a ntchito yothandiza anthu. Galimoto amatha kuisunga masiku 30. Ya mnzanga itatuluka, ndalama yokokera ndi yosungira inamuliza.

Wofunsa: Zikomo nonse. A Dalaivala, mawu anu andipweteka, mayi athu anandisiyira mwanayu ali wamng'ono. Amuna anga lero adya nsima koma sanandiyang'ane.

Dalaivala Wakale: Pepani za malemuwo mayi, koma chilungamo chimawawa. Ine wanga makiyi sakhudza.

Make Mapasa: Achemwali, dziko lija simunatiuzebe! Nanga ankathamanga liwiro lanji, wavulala alipo? Tengani pepala limene apolisi anam'patsa, muone mlandu walembedwapo ndi tsiku la kukhoti, asajombe. Muonane ndi loya musananene kupolisi kuti anatenga galimoto mosapempha, chifukwa mawu amenewo atha kumubweretsera mlandu wina.

Makaniko: Mabuleki musaiwale, muwaonetsenso.