Galu wogwedeza mchira waluma mlonda watsopano

A Mbewe: Anzanga, ndathedwa nzeru. Galu wathu wamtundu wa German Shepherd, wa zaka 4, yemwe wakhala akulondera usiku popanda vuto, waluma mlonda watsopano pamkono dzulo, ndipo abwana akufuna lipoti mawa. Mnyamatayo akulumbira kuti galuyo ankagwedeza mchira, n'chifukwa chake anawerama kuti amusisite pamutu ali pa tcheni. Sanauwe, sanadzume, anangomugwira basi. Ndilembe kuti chalakwika n'chiyani?

A Gama: Galu woluma osachenjeza mumuganizire chiwewe. Mutsekereni m'khola masiku 10, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala lero lomwe.

Mayi Nkhoma: Achimwene a Mbewe, mufunseni mnyamatayo kuti mchirawo unkagwedezeka motani. Galu wokondwa amagwedeza mchira momasuka mpaka chiuno chonse kumatsatira, kamwa ili yasaa. Koma mchira ukaima m'mwamba, wouma ngati ndodo, nsonga yokha n'kumanjenjemera, ndiye kuti galuyo wakonzeka kale. Ndikukhulupirira kuti zizindikiro zina zinalipo: kunyambita mphuno, kuyasamula alibe tulo, kupotoza mutu kumbali koma diso lili pa munthu mpaka choyera cha diso kuonekera, kenako kuuma thupi lonse kwa kamphindi. Kuuma kumeneko ndiko chenjezo lomaliza, ndipo mlonda wosaphunzitsidwa amakutenga ngati ulemu.

A Mbewe: Katemera wa chiwewe galuyo analandira chaka chino, khadi lilipo. Bala tinalitsuka ndi sopo kwa mphindi 15 ndipo kuchipatala mnyamatayo wapita.

A Gama: Khadi si katemera. Ndinaonapo botolo litasungidwa pa windo, padzuwa, m'malo mwa mufiriji. Masiku 10.

A Chirwa: Ine funso langa ndi lakuti ndani anamuletsa kudzuma. Kumene ndinayambira ntchito kunali galu wamtundu wa Rottweiler amene ankakwapulidwa ndi paipi nthawi iliyonse akadzuma, mpaka analeka. Tinkamutama kuti wafatsa, koma tsiku lina anang'amba dzanja la wopereka chakudya popanda phokoso lililonse. Tinamuchotsa mawu, mantha ake tinamusiya nawo.

Mayi Nkhoma: Zimenezo n'zoona. Komanso galu womangidwa alibe kothawira, ndiye mlendo akamuweramira n'kumutambasulira dzanja pamwamba pa mutu, chimene chatsala ndi mano. Musaiwalenso kumuyang'ana m'makutu. Galu wina wamtundu wa Boerboel anabwera kwa ife atamutchula kale kuti ndi wolusa, koma titamutseka kukamwa n'kupinda khutu lakumanzere tinapeza mafinya onunkha ndi nkhupakupa zodzaza m'mphepete. Aliyense womugwira pamutu ankamukhudza pachilonda.

A Chirwa: Ofufuza a ku Italy analemba mu 2007 kuti galu akaona mbuye wake amagwedezera mchira kwambiri kumanja kwake, pomwe akaona galu wachilendo womuopsa amagwedezera kumanzere. Koma usiku, ndi tochi, musayembekezere kuti mlonda aone zimenezo. Muuzeni aziima chammbali, asamuyang'ane m'maso, ndipo asamugwire mwini galu palibe.

A Gama: Makutu ndi michira muziwerenga bwinobwino ali m'khola. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe sachira. Masiku 10 akwane kaye.

Mayi Nkhoma: Palibe amene akukana zomutsekera, a Gama. A Mbewe, kodi galuyu wakhala akupukusa mutu kapena kukanda khutu masiku apitawa?