Thandizeni: Ayuda othawa Hitler amene anakawakhazika pa minda

Wofunsa: Akuluakulu, zandithina. Lolemba ndikukapereka nkhani imeneyi m'kalasi. Anzanga a m'gulu sakuyankha foni, magetsi akungozimazima, bando yatha kawiri. Ndiyambire pati?

Mlimi wa ng'ombe: Dziko liti? Za magetsi tamva, koma funsolo lilibe mutu.

Wa mbiri yakale: Tengani Sosúa, ku Dominican Republic, basi. Pa msonkhano wokambirana za Ayuda othawa wa ku Evian, ku France, mu July 1938 panali mayiko 32, koma amene analonjeza kulandira anthu ochuluka ndi Trujillo yekha, wolamulira wa Dominican Republic, mpaka 100,000. Bungwe lokhazika othawawo la DORSA linasaina mgwirizano mu January 1940 n'kulandira maekala pafupifupi 26,000, malo amene kale kampani ya United Fruit inkalimapo nthochi. Oyamba anafika mu May 1940, koma onse pamodzi sanakwane 1,000. Nkhondo inatseka njira za zombo, ndipo visa yongodutsira ku America inkavuta kupeza.

Mlimi wa ng'ombe: Mwasiya chachikulu, nthaka. Inali yamiyala, ndipo ambiri anali anthu a m'tauni, a ku Vienna ndi Berlin, osadziwa khasu. Mbewu zitakanika anatembenukira ku ng'ombe. Batala, tchizi ndi soseji za Productos Sosúa ndi zimene zinawaimika.

Mayi wa ku Lusaka: Musamukometse Trujillo. Mu 1937 anaphetsa anthu a ku Haiti zikwizikwi. Ankafuna kutsuka dzina lake ndi kuchulukitsa azungu m'dzikomo. Kuno kwathunso atsamunda anaganizirapo zokhazika Ayuda ku Mwinilunga, zinathera pa mapepala.

Wa mbiri yakale: Wamukometsa ndani, mayi? Muziwerenga kaye. Chinanso, amuna osakwatira anachuluka kuposa akazi, n'chifukwa chake mudziwo sunazike mizu. Nkhondo itatha ambiri anasamukira ku United States.

Achimwene ena: Bwanji Argentina? Baron de Hirsch anakhazikitsa Jewish Colonization Association, bungwe limene linakhazika Ayuda pa minda kumeneko, mu 1891.

Wa mbiri yakale: Mu 1891 Hitler anali ndi zaka ziwiri, achimwene. Musamusokoneze mwanayu.

Wofunsa: Pepani nonse, ndinaiwala kunena. Aphunzitsi anati tilembe za Australia.

Mlimi wa ng'ombe: Ndiye tchizi yonseyi tapangira ndani?

Wa mbiri yakale: Kimberley ndiye, dera la kumpoto chakumadzulo kwa Australia. Isaac Steinberg wa Freeland League, bungwe lofunira Ayuda malo okhala, anafika kumeneko mu 1939 kukapempha malo, boma la nduna yaikulu John Curtin linakana mu 1944, chifukwa silinkafuna alendo okhazikika ngati gulu paokha. Palibe amene anakalimako ngakhale mzere umodzi. Yambani ndi Evian, kenako Steinberg, kenako chifukwa chokanira.