Mabatani achidule ojambulira nyimbo mu REAPER kwa ogwiritsa ntchito NVDA

Woyimba Gitala analemba:

Moni nonse, akuluakulu. Ndine wosaona, ndipo ngakhale ndakhala ndikugwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu imene imandiwerengera mokweza zolembedwa pa sikirini, kwa zaka zingapo polemba makalata ndi powerenga za pa intaneti, ntchito yojambula nyimbo ndangoyiyamba kumene. Poyamba ndinkajambulira mu Audacity, momwe zala zanga zinazolowera kuti R ndiye amayambitsa kujambula, Space amayambitsa kapena kuimitsa nyimbo, ndipo Shift+U amatseka mawu a thiraki (mzere wojambulirapo chida chimodzi kapena mawu) imene ndili. Tsopano ndasamukira ku REAPER chifukwa ndikufuna kusanjikiza gitala, mawu ndi ng'oma m'nyimbo imodzi, koma zinthu zandisokonekera.

Dzulo ndinadina R, n'kuyimba ndime yonse mpaka kolasi, koma nditadina Space kuti ndimvere, panalibe chimene chinajambulika. Kuwonjezera apo, ndikangolumikiza kachipangizo kanga kolowetsera maikolofoni ndi gitala n'kutsegula REAPER, NVDA amakhala chete mpaka nditatseka pulogalamuyo. Chonde, amene munadutsamo kale, ndiuzeni mabatani amene ndiyenera kuyamba nawo, ndiponso chimene chikumutseka pakamwa NVDA.

Bambo a Tadala anayankha:

Zikomo achimwene pofunsa. Zimene zakuchitikirani ndi R zikusonyeza kuti mukugwiritsa ntchito mabatani amene REAPER imabwera nawo, momwe R amangoyatsa kapena kuzimitsa kubwereza kwa nyimbo, pamene kujambula kuli pa Ctrl+R. Ambiri mwa ife osaona sitigwiritsa ntchito mndandanda wa mabatani umenewo. Timaika pulogalamu yowonjezera yaulere yotchedwa OSARA, imene inayambitsidwa ndi James Teh, yemwe uja anagwira ntchito limodzi ndi Michael Curran popanga NVDA. OSARA imachita zinthu ziwiri: imachititsa kuti REAPER izilankhula kudzera mwa NVDA, ndipo imabwera ndi mndandanda wakewake wa mabatani wokonzedwera munthu amene sagwira mausi. Poiika imakufunsani ngati mukufuna kuti mndandanda wake ulowe m'malo mwa wakale, ndipo pamenepo muvomere, chifukwa mukakana, REAPER idzalankhula ndithu koma mabatani amene ife tikutchula pano sadzagwirizana ndi anu. Muikenso pulogalamu ina yowonjezera yotchedwa SWS, pakuti mabatani ena a mu mndandandawo amadalira iyoyo.

Mukatero, batani loyamba kulidziwa ndi F12. Mukalidina, batani lililonse limene mungakhudze pambuyo pake limangonenedwa ntchito yake popanda kuichita, monga momwe NVDA+1 (batani la NVDA, lomwe ndi Insert kapena Caps Lock, pamodzi ndi 1) amachitira, ndipo mukadinanso F12 mumabwerera ku ntchito. Ine ndinakhala madzulo awiri athunthu ndikuyenda mzere ndi mzere pa kiyibodi, poyamba batani lokha, kenako ndi Shift, kenako ndi Ctrl, ndipo ndinaphunzira zambiri kuposa zimene ndinapeza poloweza mndandanda wolembedwa, umene ndinkauiwala ndikangoutseka.

Pa kujambula kwenikweniko, Ctrl+T amapanga thiraki yatsopano, ndipo mivi ya m'mwamba ndi pansi imakuyendetsani pakati pa mathiraki uku mukumva nambala ndi dzina la iliyonse. Mabatani a F5, F6 ndi F7 ali moyandikana, choncho zala zimawapeza mosavuta: F5 amatseka mawu a thiraki, F6 amasiya iyo yokha kuti izimveka, ndipo F7 amaikonzekeretsa kulandira mawu. F7 ameneyu musamuiwale, chifukwa thiraki yosakonzekeretsedwa siilandira kanthu ngakhale mutayimba mpaka mawu kusasa. Mukamva NVDA akunena kuti yakonzeka, dinani R, ndipo mukamaliza dinani Space.

Mayi Woimba Limba anayankha:

Ndiwonjezerepo pa nkhani ya NVDA kukhala chete, chifukwa inandivutitsa kwa nthawi yaitali ndisanaimvetse. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti REAPER ndi NVDA akulimbirana chipangizo chimodzi chotulutsira mawu. Mukalumikiza kachipangizo kanuko, Windows imatha kukasandutsa kukhala kotulutsira mawu onse a pa kompyuta, kuphatikizapo a NVDA. Kenako REAPER ikakatenga kudzera mu ASIO, njira imene oimba amaikonda chifukwa mawu sachedwa kufika m'makutu, madalaivala ena salola pulogalamu ina kulowererapo, ndipo NVDA amatsala wopanda polankhulira. Zomwezo zimachitika mukasankha WASAPI ya mtundu wa exclusive.

Njira imene inandithandiza ndi kuwalekanitsa. M'makonzedwe a NVDA sankhani kuti azilankhulira pa masipika a laputopu kapena pa kahedifoni kena, ndipo REAPER muisiyire kachipangizoko yokha. Izi muzichite REAPER isanatsegulidwe, pamene NVDA akadali kulankhula. Ine ndimavala kahedifoni kakang'ono ka khutu limodzi mkati mwa mahedifoni aakulu, ndipo pojambula mawu izi zimathandizanso kuti maikolofoni isatole mawu a NVDA, zimene zinandiwonongerapo kale nyimbo imene ndinaiyimba bwino kwambiri.

Muyang'anenso NVDA+Shift+D, amene amasintha zoti NVDA azitsitsa mawu a mapulogalamu ena iye akamalankhula. Powerenga nkhani uku wailesi ikulira, zimenezo n'zabwino, koma posakaniza nyimbo zimanamiza khutu, chifukwa mumaganiza kuti gitala yatsika pamene ndi NVDA waitsitsa. Ngati pali batani limene NVDA akulilanda lisanafike ku REAPER, dinani kaye NVDA+F2 kuti batani lotsatiralo lidutse osagwidwa. Kwa ogwiritsa ntchito JAWS, pulogalamu ina yofanana ndi NVDA, ntchito imeneyi ili pa Insert+3.

Mkonzi wa Mawu anayankha:

Akuluakulu awiriwa afotokoza bwino za kujambula, koma ine ndikuona kuti pamene mabatani amapindulitsa kwambiri ndi podula ndi kukonza zimene mwajambula, chifukwa apa ndi pamene anzathu oona amadalira chithunzi cha mafunde a mawu. Ife tili ndi mivi ya kumanzere ndi kumanja, imene imasuntha malo amene muli uku ikukumvetsani kachidutswa ka mawu a pamalopo. Kutalika kwa sitepe iliyonse kumadalira kukula kwa chithunzi cha pa sikirini, choncho mabatani okulitsira ndi ochepetsera chithunzi, a chizindikiro chophatikizira ndi chochotsera, ndi athunso ngakhale chithunzicho sitichiona. Mukachikulitsa, sitepe imafupika kwambiri, moti mungathe kupeza pamene mpweya wathera ndi pamene liwu likuyambira.

Tiyerekeze kuti mwatsokomola pakati pa ndime ziwiri. Yendani ndi Page Up ndi Page Down, amene amadumpha bala (kagawo kakafupi ka nyimbo) imodziimodzi, mpaka muyandikire, ndipo kenako mufike pamalopo ndi mivi. Dinani S chifuwacho chisanayambe, dinaninso S chitatha, ndipo mudzakhala ndi zidutswa zitatu. Ctrl pamodzi ndi muvi wa kumanzere kapena wa kumanja amakusankhirani chidutswa, ndipo mukafika pa chapakaticho mumachifufuta ndi Delete. Chenjezo langa ndi lakuti Delete amatsatira chinthu chimene mwachikhudza komaliza, kotero ngati mwangodina muvi wa pansi, chimene chichoke ndi thiraki yonse. Zikatero musataye mtima, Ctrl+Z amabweza.

Pa za kuloweza ndisiyaneko pang'ono ndi Bambo a Tadala. F12 ndi wabwino pamene muli ndi batani ndipo mukufuna kudziwa ntchito yake, koma nthawi zambiri munthu amakhala ndi ntchito n'kumafuna batani lake. Pamenepo F4 ndiye wothandiza, chifukwa amatsegula mndandanda wa zochita zonse za REAPER, momwe mungalembe liwu limodzi n'kumva zochita zogwirizana nalo pamodzi ndi mabatani ake, ndipo chochita chimene chilibe batani mungathe kuchipatsa lanu.

Woyimba Gitala analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndaika OSARA ndi SWS, ndamusamutsira NVDA ku masipika a laputopu, ndipo tsopano akulankhula REAPER ili yotsegula. Chatsala n'chimodzi: ndikadina F7 sindimva chilichonse chokhudza thiraki, ndipo F12 nayenso sakuyatsa thandizo lija, ngakhale mabatani a zilembo ndi mivi akugwira bwino.

Bambo a Tadala anayankha:

Limenelo si vuto la REAPER, achimwene, koma la laputopu. Pa malaputopu ambiri mzere wapamwamba wa mabatani a F unakonzedwa kuti uzisintha kukwera kwa mawu ndi kuwala kwa sikirini, ndipo F7 weniweni amafika pokhapokha mutagwira Fn pomudina. Yesani Fn+F12, ndipo mukamva thandizo likuyaka, mwapeza gwero lake. Kuti musamagwire Fn nthawi zonse, yesani Fn+Esc, amene pa makina ambiri amautembenuza mzerewo. Zikakanika, kusinthako kumakhala mu BIOS, makonzedwe a kompyuta amene amatsegulidwa Windows isanayambe, momwe NVDA salankhula, choncho pamenepo mudzafunika munthu woona kuti akuwerengereni kamodzi kokha.