Kodi khoti limavomereza siginecha yosainira pa foni?

Mlembi wa ku Bua:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa gulu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, ndipo tapeza wogula wa ku Lilongwe amene akufuna matumba 120 a Kilombero, koma akuti adzapereka theka la ndalama pokweza katundu, lotsalalo pakatha mwezi. Watitumizira mgwirizano pa WhatsApp kuti tisaine ndi chala pa foni pomwepo. Apampando athu akukanitsitsa, akuti chikalata chopanda inki sichingatiteteze munthuyo akadzatizemba. Kodi akunena zoona?

Mphunzitsi wa pa Kamuzu Road:
Bambo mlembi, lamulo lilipo. M'chaka cha 2016 dziko lino lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limayang'aniridwa ndi bungwe loona za mafoni, wailesi ndi intaneti la MACRA, ndipo limavomereza kuti chikalata chisainidwe pa makina, komanso kuti uthenga wa pa foni kapena imelo uperekedwe ngati umboni kukhoti. Pamene pagona nkhani ndi apa: siginechayo iyenera kusonyeza amene wasaina, ikhale yoti mwiniwake yekha ndiye akanatha kuiikapo, ndiponso zizidziwika ngati wina wasintha mawu pambuyo posaina. Choncho apampando sakulondola kwenikweni, ngakhale mantha awowo ndi omveka.

Mayi wa usipa, Senga Bay:
Aphunzitsi anena bwino, koma ine zidandionekera. Ndidasaina pa kapepala, n'kujambula, n'kutumizira wogula wina. Iye adangodula chithunzicho n'kuchimata pa chikalata china chimene mtengo wa chigoba adautsitsa, ndipo poti foni yanga inali itagwera m'madzi, ndidasowa chotsutsira. Mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira. Musatumize siginecha payokha, ndapota nanu.

Mphunzitsi wa pa Kamuzu Road:
Pepani kwambiri mayi. Bambo mlembi, wogulayo ayambe ndiye kusaina, kenako akutumizireni chikalata chonse kuchokera pa imelo kapena nambala yolembetsedwa m'dzina lake, pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso chake cha unzika. Mukasaina, bwezani ndi uthenga wotchula matumba, mtengo ndi tsiku lolipira, iye ayankhe kuti wavomera. Theka loyambalo lidzere ku banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo zonsezi muzisungenso mu foni ya msungichuma.

Mlembi wa ku Bua:
Zikomo nonse. Ndikawafotokozera apampando Loweruka, ndipo popeza wogulayo adzabwera yekha ndi lole, tidzamupempha asainenso papepala tisanakweze thumba ngakhale limodzi.