Mlatho wa pachigayo: a ku Poly akuti atijambulira pulani

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse a kwathu. Mwana wathu uja anamaliza za uinjiniya ku Poly wandiimbira, akuti iye ndi anzake omwe anaphunzira nawo agwirizana zotithandiza kuti ana a ku Poly atijambulire pulani ya mlatho wa pachigayo mwaulere. Ali mgulu momuno, afotokoze yekha.

Injiniya: Zikomo a mlembi, moni makolo nonse. Ndinapita ku MUBAS, dzina latsopano la Poly, kukaona ntchito za ana a chaka chomaliza, paja uinjiniya ndi zaka 5 ndipo chaka chomalizacho aliyense amapanga pulojekiti yake. Awiri a civil, uinjiniya wa misewu ndi milatho, anachita za milatho ing'onoing'ono ya kumudzi, nde ndinawaonetsa zithunzi za wathu uja mmene namondwe wa Freddy anausiyira mu Malichi 2023. Ife ophunzira akale tiwalipirira thiransipoti abwere ku Phalombe adzayeze mtsinje, pulaniyo adzasainira ndi mnzathu wolembetsedwa kale ngati injiniya. Gulu lingokonza pogona ndi chakudya basi.

Mayi a kwaya: Ambuye akudalitse mwanawe. Ana a sitandade 1 akumawoloka ataberekedwa kumsana dzinja lililonse, mtima umandiwawa

Ankolo a ku Joni: Pulani tailandira ndi manja awiri. Koma ndifunse kaye, ndalama zomwe tinasonkha Freddy atangodutsa zili kuti? Ine ndi anyamata kuno tinatumiza marandi athu, ena ndi ogwira maganyu a m'magadeni osadya bwino, mpaka lero lisiti olo limodzi sitinalione. Munati mwagula simenti. Simentiyo inamanga chani? Ine ndinabwera pa Khirisimasi ndinapeza mitengo iwiri ya bulugama yoyala pamtsinje, yomweyonso anayala ndi anyamata a kabaza ndi ndalama zawo.

Msungichuma: Ankolo nkhani imeneyi tinaikamba kale kumsonkhano wa kusukulu. Kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023, simenti inakwera tisanamalize kugula, mumafuna ndiwonjezere za mthumba mwanga?

Ankolo a ku Joni: Kuchoka Malichi kufika Novembala ndi miyezi ingati achimwene? Ndalama zinali pa foni panu nthawi yonseyo mukudikira chani? Ndipo matumba omwe munagulawo, ochepa omwewo, ali kuti? Wina akuti anauma mu sitolo ya kusukulu, wina akuti anabwerekedwa pamaliro kukawaka manda. Tiuzeni chimodzi.

Tcheya: Tiyeni tidekhe abale. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wabweretsa nkhani yabwino, timumve kaye.

Injiniya: Ndingowonjezera pang'ono kuti tisabwerezenso zakale. Mlatho uja sunagwe chifukwa cha madzi okha ayi. Ndinalowa pansi pake mu Okutobala madzi ataphwa, zipilala zinangokhala pamchenga, madzi anakumba kunsi kwake mpaka chapakati chija chinapendekeka. Konkire yake ukaikanda ndi msomali ikuyoyoka, ndiye kuti simenti inachepa komanso mchenga unali wosakanikirana ndi dothi. Watsopanoyu fandeshoni ifike pamwala kapena panthaka yolimba, mmbali tiike magabiyoni, mawaya aja amadzazamo miyala. Konkire imafunanso kuthiriridwa madzi tsiku ndi tsiku sabata yoyamba, ndipo imakhwima bwino pakatha masiku 28, osati mwathira lero mkuja ngolo yadutsapo.

Aphunzitsi opuma: Mwana walankhula zoona. Nthawi ija ndinanena ine kuti mmisiri akusakaniza ndi maso, osayeza ndi wilibala, anthu anati aphunzitsi mumadziwa choko basi.

Nachisale: Koma ana a sukulu angatimangire mlatho eti? Ndikufunsa chabe, si tikhala poyeserera ife?

Injiniya: Samanga iwowo anti. Iwo ayeza ndi kujambula, woyang'anira ndi injiniya wamkulu, ndipo pulani iyenera kudutsa ku khonsolo kwa a public works, oona za zomangamanga. Womanga akhale kontirakitala wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira makontirakitala. Akulu amene munaona pomwe madzi a Freddy anafika mudzationetse, mlatho uyenera kukhala pamwamba pa pamenepo.

Ankolo a ku Joni: Mwamva? Wolembetsedwa. Osati mlamu wake wa munthu wa mu komiti ngati ulendo uja. Ine sindikutchula dzina, mwini wake akudzidziwa. Ndipo ndanena pano onse akuwerenga, kuno ku Joni sititumizanso olo 1 randi pa nambala ya munthu. Titsegule akaunti ku banki, osainira atatu, mmodzi akhale mayi, sitetimenti izibwera mgulu muno mwezi ndi mwezi. Zikavuta pamenepo ife tigula tokha zitsulo ndi simenti ku Limbe tikatule kwa amfumu, ndalama ayi.

Msungichuma: Mlamu wanga mukumunenayo anagwira ntchito milungu yambiri osalipidwa, inu muli kunja mumangoona zithunzi. Buku lili kwa ine, amene akufuna abwere adzaone

Ankolo a ku Joni: Jambulani masamba ake muponye muno. Foni yojambulira muli nayo, zithunzi za ukwati mumaponya bwanji?

Mnyamata wa kabaza: Mabwana pepani kulowerera, koma bwanji mlathowo usunthire kumtunda kwa dambwe kuja? Njira ya ku Migowi imafupika kumeneko, pachigayo timazungulira kwambiri ndi katundu

Mayi a kwaya: Ayi ayi. Ana asukulu ndi amayi opita kusikelo amadutsa pachigayo. Kumtundako mukufuna chifukwa kuli minda ya anthu ena a mu komiti, tikudziwa

Nachisale: Malo a kumtundawo ndi a malemu agogo anga, palibe anabwera kudzatipempha

Aphunzitsi opuma: Komanso tizinena kuti MUBAS, Poly inachoka mu Yunivesite ya Malawi mu 2021. Kalata yothokoza tikalemba tisakalakwitse dzina.

Tcheya: Kalata ilembedwa aphunzitsi. Ine ndimati tikaonanenso ndi a ADC, komiti ya chitukuko ya dera lathu, mwina mbali ina ingalowe mu CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, popeza pulani ikhala ilipo kale. Kale ankatibweza kuti tilibe BOQ, mndandanda wa zipangizo zofunika ndi mitengo yake.

Ankolo a ku Joni: CDF tinaimva kampeni isanayambe, tinaimvanso itatha. A tcheya musathawitse nkhani. Buku liponyedwe kaye.

Injiniya: Makolo, anawa ali ndi mpata pa holide yokha, ndipo kuyeza kumafuna madzi asanabwere. Ndiwauze tsiku liti? Nanga akagona kwa ndani?

Mayi a kwaya: Kwanga kuno chipinda chilipo, ufa ndi nandolo ndipereka ine, ena athandize ndiwo

Msungichuma watuluka mgulu

Mlembi: Aaa koma abale. A tcheya aimbireni, ine foni yanga sakuyankha.

Ankolo a ku Joni: Watuluka ndi buku lomwe. Mumubwezeretse, ndili ndi mafunso ena awiri